Poyimba nyimbo za malemu, amadya ndani?

Sabata yathayi ndinkasanthula katoni ya malemu achimwene anga, ija takhala tikuisuntha nyumba ndi nyumba chichokereni ku Ndirande, ndipo pansi penipeni ndinapeza makaseti 11 atamangidwa ndi mphira. Ambiri anachita nkhungu. Imodzi inali ndi malembo a bolopeni yofiira, dzanja la achimwene lenileni: FELA. Wailesi yoyimba makaseti ine ndilibe, kaya inu anzanga. Ndiye ndinangoigwira kasetiyo m'manja ngati munthu wogwira chithunzi, kenaka n'kukatenga chimbale china chimene ndinagula achimwenewo atapita kale, chotchedwa Red Hot + Riot. Nkhani yanga lero ili pa chimbale chimenechi, koma inu a pamsika ndi inu ophunzira mundilole ndiyambire patali pang'ono.

Kunjaku kuli mtundu wa zimbale umene anthu anauzolowera. Oyimba ambiri amagwirizana, aliyense n'kutenga nyimbo imodzi ya katswiri wina wopeka nyimbo, wamoyo kapena womwalira, n'kuiyimbanso m'njira yakeyake. Amati akupereka ulemu. Kunena zoona si zachilendo kwa ife, poti pamaliro a mkulu wa kwaya timayimba nyimbo zomwe iye ankatsogolera, ena akulira ena akuphonya mawu. Kusiyana kwake n'kwakuti chimbale chimagulitsidwa, ndipo pamene pagwa ndalama ine ndimafuna ndidziwe thumba limene yalowa.

Gwero la chimbale changachi lili ku New York. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Edzi inali itasesa oyimba, ojambula ndi ochita zisudzo ambiri mumzindawo, pamene akuluakulu a boma anali kuyang'ana kumbali. Loya wina dzina lake John Carlin pamodzi ndi mayi Leigh Blake anaganiza zopeza ndalama zolimbana ndi matendawa kudzera m'nyimbo. Sanapite kukapempha oyimba kuti apeke nyimbo zatsopano zolira maliro, ayi. Anakafukula nyimbo za Cole Porter, mkulu wina wa ku America amene anabadwa mu 1891 n'kumwalira mu 1964, wopeka nyimbo zachikondi zimene agogo a azungu ankavina atavala masuti. Anazigawa kwa oyimba amene anali pakamwa pa achinyamata nthawi imeneyo: U2, Annie Lennox, Sinéad O'Connor, Tom Waits, David Byrne ndi ena. Chimbalecho chinatuluka mu 1990 ndi nyimbo 20, dzina lake Red Hot + Blue, ndipo chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi.

Nzeru yake inali apa. Nyimbo za Porter aliyense ankazidziwa, wailesi sizikanazikana, makolo sakanazithimitsa. Koma mawu achikondi omwewo, akayimbidwa m'chaka chimene kukondana kunkatha kukupha, ankamveka mwina. Neneh Cherry anatenga "I've Got You Under My Skin", nyimbo ya munthu amene chikondi chamulowa m'thupi, n'kuisandutsa chenjezo la kachilombo kolowa m'magazi. Salif Keita wa ku Mali anayimba "Begin the Beguine" m'chiyankhulo cha kwawo, mwakuti mwini wake akanadzuka sakanaizindikira msanga. Bungwe lija, Red Hot Organization, linaona kuti njirayi ikugwira. Mu 1996 linachitanso chimodzimodzi ndi nyimbo za Antonio Carlos Jobim wa ku Brazil, ndipo mu 2002 linafika kwathu kuno ku Africa, pakhomo pa Fela Kuti.

Inu ana a masiku ano amene mumavina nyimbo za ku Nigeria m'mafoni mwanu, dziwani kuti mtengo umene mukudya zipatso zake anabzala ndi bambo ameneyu. Fela anabadwira ku Abeokuta mu 1938, m'banja la anthu ophunzira. Bambo ake anali mbusa ndi mphunzitsi. Mayi ake, a Funmilayo Ransome-Kuti, ndi amene amayi a pamsika muyenera kuwadziwa: m'zaka za m'ma 1940 anatsogolera amayi ogulitsa malonda ku Abeokuta kukana msonkho umene ankawalipiritsa, mpaka mfumu ya mzindawo, Alake, inatula pansi udindo kwa kanthawi mu 1949. Mwana wawoyo anapita ku London mu 1958, abale ake akuphunzira udokotala iye n'kulowa sukulu ya nyimbo ya Trinity. Atabwerako ulendo wa ku America wa mu 1969, iye ndi woyimba ng'oma wake Tony Allen anaphika mtundu wa nyimbo wotchedwa Afrobeat: malipenga ambiri, ng'oma zosapuma, nyimbo imodzi kutenga mbali yonse ya chimbale. Mawu ankayamba patapita mphindi zingapo, omvera atatuluka kale thukuta.

Ndipo mawuwo sanali osisita. Mu nyimbo ya "Zombie" anafanizira asilikali ndi mitembo yoyenda, yochita chilichonse chimene yauzidwa popanda kuganiza, zimene ife kuno tingati ndondocha. Boma la asilikali silinaseke. Mu February 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anazinga nyumba yake ku Lagos, imene ankaitcha Kalakuta Republic, n'kuitentha, n'kumenya anthu onse anali m'menemo. Mayi ake aja, ali okalamba, anawaponya pawindo la nyumba yosanja, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Fela ananyamula bokosi la maliro n'kukalisiya pachipata cha Dodan Barracks, kumene kunkakhala mtsogoleri wa dzikolo. Mu 1984 boma la Muhammadu Buhari linamutsekera pa mlandu wa ndalama zakunja, ndipo anatuluka mu 1986.

Ife amene tinakula m'nthawi imene munthu unkayang'ana kumbuyo usanatchule dzina la mtsogoleri, nkhani ngati izi tinkazimva ngati nthano. Achimwene ankayimba kaseti ya Fela usiku, motsitsa, ngakhale kuti Chingerezi chake cha ku Lagos tinkangotolako apa ndi apo.

Tsono ndisamuyeretse munthuyu. Fela yemweyo, amene sankaopa mfuti, anakana kuvomereza kuti Edzi iliko. Makondomu ankawanyoza poyera. Mu 1978 anakwatira akazi 27 tsiku limodzi. Atayamba kudwala anakana mankhwala a kuchipatala mpaka mochedwa, ndipo anamwalira pa 2 August 1997 ali ndi zaka 58. M'mawa mwake mkulu wake, Pulofesa Olikoye Ransome-Kuti, dokotala wa ana amene anakhalapo nduna ya zaumoyo m'dzikolo, anaitana atolankhani n'kunena mosazungulira kuti mng'ono wakeyo wamwalira ndi Edzi. Ena mwa okonda Fela anakwiya, ati bamboyo akuipitsa dzina la malemu. Koma mawu anali atatuluka, ndipo namtindi wa anthu amene anadzaza misewu ya Lagos pa maliro aja ankadziwa chimene chagwetsa ngwazi yawo.

Achimwene anga anamwalira chaka chotsatira, mu 1998. Pamaliro pawo amalume anaimirira n'kunena kuti malemuwa adwala nthawi yaitali, tayesa kuchipatala, tayesa kwa asing'anga, koma Chauta wakonda. Anthu anagwedeza mitu. Kuseli kwa nyumba amayi ena ankanong'onezana za anthu ansanje a kumsika amene akuti anawalodza chifukwa geni inkayenda. Aliyense pabwalo paja ankadziwa. Ine ndinkadziwa, poti ndi ine ndinkawasambitsa. Koma dzina la matendawo silinatuluke pakamwa pa munthu. Tinali ndi mayina athu ozembera: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. M'dziko muno wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse anali ndi kachilomboka. Akalipentala anasiya mipando n'kuyamba mabokosi. Komabe pamaliro aliyense ankangodwala nthawi yaitali.

Anayesapo ena kuswa chete ameneyu. A Kenneth Kaunda ananena poyera mu 1987 kuti mwana wawo anafa ndi Edzi. A Bakili Muluzi ananena za mchimwene wawo mu 2004, chaka chomwe mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. A Nelson Mandela ananena za mwana wawo mu 2005. Kwa achimwene anga zonsezi zinabwera madzi atapita kale pansi pa mlatho wa Nasolo.

Chimbale cha Red Hot + Riot ndinachigula kwa mnyamata wina wobwera ndi katundu kuchokera ku Joni, amene anachiyala pansi pamodzi ndi malamba ndi mawotchi. Anati, "Bwana, iyi palibe akuifuna, ingondipatsani ya basi." Ndinamupatsa. Ndinkayembekeza kumva Fela, koma Fela mwini wake sakutsogolera m'menemo. Muli mwana wake Femi Kuti, muli Tony Allen, muli Baaba Maal ndi Cheikh Lô a ku Senegal, Manu Dibango wa ku Cameroon, Jorge Ben Jor wa ku Brazil, ndi gulu la Amereka akuda: D'Angelo, Macy Gray, Common, Talib Kweli, Dead Prez, Nile Rodgers, Taj Mahal. Tsiku loyamba ndinakhumudwa. Ndinati awa andidulira nyimbo. Fela ankatenga mphindi 12 kapena kuposa kuti amange nyimbo imodzi ngati mmisiri womanga nyumba, maziko kaye, kenaka zipupa, denga pomaliza. Awa akufuna zonse zitheke m'mphindi zisanu kuti wailesi ya ku America iwalole. Muli ngakhale nyimbo ya Sade, "By Your Side", imene si ya Fela n'komwe, anangoiveka malaya ake. Yokoma ndithu, koma pamaliro a eni sumabwera ndi nyimbo ya ukwati wako.

Patapita masiku khutu linayamba kuzolowera, ndipo ndinasintha maganizo pa nyimbo zingapo. "Water No Get Enemy", imene Fela anaitulutsa mu 1975 potengera mwambi wa Chiyoruba wonena za madzi, Femi akuiyimba pamodzi ndi D'Angelo ndi Macy Gray, ndipo ukamamva mwana akuliza lipenga pamalo pamene pankaima bambo ake, tsitsi limaima. "Shuffering and Shmiling", yonena za anthu othinana m'mabasi a ku Lagos amene amavutika kwinaku akumwetulira poyembekezera zabwino za kumwamba, anyamata a rapu a ku New York anaithira mkwiyo wa kwawo, ndipo ine ndinaimva bwino ndili pampando wa anthu anayi m'minibasi ya ku Chirimba, bondo la mnzanga lili m'nthiti. Ndiye pali "Lady", imene Fela ankaseka mkazi wa mu Africa wophunzira amene amadziyesa wofanana ndi mwamuna. Mwana wa a Funmilayo kuyimba zotero, abale! Pa chimbalechi nyimboyo ikuyimbidwa ndi akazi awiri apachibale a gulu la Les Nubians, ndipo mawu akatuluka pakamwa pa amene ankasekedwayo, chitonzo chimabwerera kwa mwini. Chotsekera ndi "Trouble Sleep Yanga Wake Am", Baaba Maal ndi Taj Mahal akuyimba mofatsa pamwamba pa zingwe za kora. Imeneyo ndinaimvera katatu usiku umodzi, alamu anga n'kugogoda kufunsa ngati ndili bwino.

Pali chinthu chimodzi choseketsa chimene ophunzira mungakonde. Fela anali ndi lamulo lake lakuti nyimbo akangoijambula pa chimbale, sadzaiyimbanso pabwalo. Anthu ankalipira pakhomo akufuula kuti tiyimbireni "Zombie", iye n'kuwapatsa nyimbo yatsopano imene sanaimvepo. Munthu amene ankakana kubwereza nyimbo zake zomwe, lero akubwerezedwa ndi dziko lonse: chimbale ichi, china chotchedwa Red Hot + Fela cha mu 2013, ndi sewero la moyo wake limene linafika pa Broadway mu 2009. Choposa apo, munthu amene ankati Edzi kulibe, nyimbo zake zinagwiritsidwa ntchito kusonkhanitsa ndalama zolimbana ndi Edzi. Kodi umenewu ndi ulemu, kapena ndi kumutsutsa munthu ali m'manda poti sangayankhe? Ndalimbana nalo funsoli, ndipo ine ndaima apa: ndi ulemu, ndiponso woposa uja wa amalume pamaliro a achimwene. Amalume anaphimba kuti dzina lisade. Banja la Fela linavundukula, Femi mpaka anapeka nyimbo yakeyake yochenjeza za Edzi pa chimbale chake cha mu 2001, ndipo dzina la bambo ake silinade. Anthu anatenga kulimba mtima kwa malemu n'kukakugwiritsa ntchito pamalo pamene iye mwini analephera.

Tsopano tibwere ku ndalama, poti ndikudziwa a pamsika mwakhala mukudikira pamenepa.

Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi eni awiri. Woyamba ndi amene anaipeka, mawu ndi kayimbidwe kake. Wachiwiri ndi mwini wa kujambulako, kawirikawiri kampani imene inalipira situdiyo. Wopeka ali ngati mwini nyumba, ndipo aliyense wobwera kudzayimbanso nyimboyo ali ngati wochita lendi: akhoza kupaka penti, kusintha makatani, koma mwezi ukatha alipire. Ku America lamulo la mu 1909 linati nyimbo ikangotuluka, wina aliyense akhoza kuijambulanso popanda kugwada kwa mwini, bola alipire mtengo woikika pa kope lililonse. Mtengowo unali masenti 2 mpaka mu 1978, ndipo pofika 2006 unali masenti 9.1. Zikuoneka zochepa, koma tawerengani makope miliyoni. Dolly Parton anatulutsa "I Will Always Love You" mu 1974. Elvis Presley anafuna kuiyimba, koma womuyendetsera zinthu anati pokhapokha Dolly apereke theka la umwini wa nyimboyo. Mayiyo anakana. Mu 1992 Whitney Houston anaiyimba, dziko lonse linagula, ndipo lendi yonse ya mwini nyumba inapita kwa Dolly. Akanagulitsa nyumba tsiku lija chifukwa cha dzina la Elvis, bwenzi akudya theka.

Tsono taonani mnzathu wapafupi. Solomon Linda, Mzulu wogwira ntchito yolongedza zimbale ku kampani ya Gallo ku Johannesburg, anajambula "Mbube" mu 1939. Umwini wake anaupereka pa mashiling'i 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasanduka "Wimoweh", kenaka "The Lion Sleeps Tonight" mu 1961, mpaka inalowa mu filimu ya The Lion King mu 1994. Oyimba mazanamazana anaibwereza, ena mwina akuganiza kuti akulemekeza nyimbo ya makolo a ku Africa yopanda mwini. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi, banja lake losatha kugula ngakhale mwala wa pamanda. Mtolankhani Rian Malan anafukula nkhaniyi mu 2000, mlandu unalowa m'khoti, ndipo mu 2006 anagwirizana zoti ana ake azilandira. Koma mmodzi mwa ana ake aakazi anali atamwalira kale ndi Edzi mu 2001, wopanda ndalama ya mankhwala, pamene nyimbo ya bambo ake inkalira m'nyumba za mafilimu dziko lonse. Mlandu suwola, inde, koma munthu amawola.

Ndiye mukamva kuti oyimba asonkhana kulemekeza wakutiwakuti, funsani mafunso a pamsika. Lendi ikupita kwa yani? Dzina la wopeka lalembedwa pachikuto, kapena angolemba kuti nyimbo ya makolo? Mkazi wa malemu anauzidwa, kapena wangomva pa wailesi ngati wina aliyense? A Red Hot ananena poyera kumene phindu likupita, ndipo pa zimbale zawo zonse asonkhanitsa madola oposa 10 miliyoni a ntchito yolimbana ndi Edzi. Koma si onse otero. Makampani ena amakonda zimbale zotere chifukwa n'zosavuta kugulitsa: nyimbo n'zodziwika kale, malemu sadandaula, ndipo woyimba amene watha mafuta amapezerapo mpata womveka.

Apa ndiyenera kuulula kanthu, poti si bwino kuloza ena chala m'manja muli mwaye. Achimwene anga geni yawo inali ya makaseti, pa benchi ina mumsika wa Limbe. Ena anali enieni, koma ambiri ankajambula okha usiku pa wailesi ya makaseti awiri, kuchokera pa kaseti imodzi yeniyeni n'kubala makumi. Chikuto ankakachita fotokope. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'menemo, yunifolomu ndi sopo yemwe. Kaseti ya Fela ili m'manja mwangayi ndi yakuba, Fela sanaonepo tambala yake. Bungwe la COSOMA litakhazikitsidwa mu 1992 kutsatira lamulo la umwini wa zaluso la mu 1989, n'kudzayamba zomata timapepala pa makaseti enieni, achimwene ankatukwana kuti anthuwa akufuna ana athu agone ndi njala. Ine ndinkavomereza, poti mimba inali yanga. Lero anyamata a m'tauni sagwiritsanso makaseti, amathira nyimbo mazana m'kamemori kadi pa mtengo wa mandasi ochepa, ndipo ndikawadutsa sindikhala ndi mphamvu yowadzudzula. Ndimangodziwa kuti mbali ina ya sukulu yanga analipira ndi anthu ngati a Allan Namoko, osadziwa.

A Namoko, bambo osaona a ku Thyolo aja, ndi banjo yawo ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band. Nyimbo zawo zinkalira pa wailesi ya MBC, m'mabawa ndi m'maukwati, dziko lonse linkaziyimba, koma iwo anamwalira mu 1995 ali osauka. A Daniel Kachamba a ku Chileka, amene gitala yawo inakamveka mpaka ku Ulaya, anapita mu 1987. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, atangotulutsa zimbale ziwiri, ndipo abale ake a Black Missionaries anapitiriza kuwerenga Kuimba 3, Kuimba 4, n'kumapita, umene ndi ulemu wa mtundu wakewake. Wambali Mkandawire anatisiya mu 2021, Lucius Banda mu 2024. Nkhokwe ya nyimbo tili nayo yodzaza, ndipo lamulo la mu 2016 likuti umwini wa wopeka umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Kutanthauza kuti nyimbo za a Namoko zili ndi eni mpaka 2045. Woyimba wachinyamata amene akuzitola lero n'kuziika ng'oma za kompyuta sakutola nkhuni m'tchire, akuthyola m'munda wa ana amasiye.

Sindikuti asaziyimbe, chonde mundimvetse. Nyimbo imene siyimbidwanso imafa kachiwiri, ndipo imfa yachiwiriyo ndiye yeniyeni. Tinaona tonse zimene zinachitika mu 2020 pamene Patience Namadingo anakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, ali ndi zaka 90, n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale. "Linny Hoo" inayenda pa TikTok mpaka kumayiko amene agogowo sanawalotepo, ana a ku Asia akuvina mawu amene sakuwamva. Chimene chinandikoma pamenepo n'chakuti mwini nyimbo anali pompo, atakhala pampando, akuseka, akumva yekha m'makutu mwake, ndipo anthu anayamba kufunsa poyera ngati agogowo akupindula nazo. Funso limenelo a Namoko sanafunsiridwe.

Ndikanakhala ndi chuma, kapena ndikanakhala mmodzi wa inu ophunzira amene mukuphunzira zamalamulo ndi zamalonda, ndikanasonkhanitsa oyimba khumi ndi awiri, wa rege, wa kwaya, wa rapu, mayi wa chitelele, aliyense n'kumupatsa nyimbo imodzi ya a Namoko kapena a Kachamba. Ndikanawauza kuti musatengere mawu a malemu ngati mbalame ya chinkhwe, poti kaseti yawo ilipo kale ndipo simungawapose. Yimbani monga mmene Salif Keita anachitira ndi Cole Porter, mwini nyimbo adabwe. Koma tisanalowe mu situdiyo tikanayamba takwera basi kupita kumudzi kwa malemu, kukakhala pamphasa ndi mwinimbumba, pepala lili pakati, cholembera chili m'manja mwa mwana wa malemu amene amatha kuwerenga. Ndipo pachikuto tikanalemba mbiri yoona ya munthuyo, mmene anakhalira ndi mmene anafera, osati zija za adwala nthawi yaitali.

Pa mawu omalizawa ndiyenera kudzigwira pakamwa ndekha. Achimwene anasiya mwana wamwamuna wa zaka zitatu, amene ndamulera ine. Lero ndi bambo wa ana awiri, ali ndi shopu yokonza mafoni. Zaka zonsezi ankadziwa kuti bambo ake anafa ndi chifuwa chachikulu, zimene si bodza kwenikweni, koma si zoona zonse. Loweruka ndinamutengera kaseti ija kushopu kwake kuti mwina angadziwe munthu amene akadali ndi wailesi yakale. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuwerenga malembo ofiira aja.

"Bambo aang'ono, dzanja ili ndi la adadi?"

Ndinati eya. Anafunsa kuti Fela ndi ndani, ndipo ndinamufotokozera zonse ndakuuzanizi, za asilikali, za mayi ake, za akazi 27, mpaka za mkulu wake dokotala uja amene anaima pamaso pa atolankhani. Nditafika pamenepo ndinaona kuti sindingathe kuyamikira kulimba mtima kwa bambo wa ku Lagos kwinaku ine nditakhala pa chinsinsi changa zaka zoposa 25. Ndinamuuza. Anakhala chete nthawi yaitali akupukuta galasi la foni ya kasitomala imene inali yoyera kale. Kenaka anati, "Amayi anandiuza ndili Fomu 2. Ndinkadikira kuti inu mudzanene liti."

Wailesi tinaipeza kwa mdala wina wokonza mawotchi kuseli kwa msika, amene anaipukuta fumbi ndi malaya ake n'kutibwereka popanda kulipiritsa. Tepi inali itamatana, mnyamatayo anaizungulitsa ndi bolopeni monga ankachitira bambo ake, ngakhale sanawaonepo akuchita. Mbali yoyamba inalira: malipenga a Fela, olemera, akukoka pang'ono chifukwa cha ukalamba wa tepi. Anyamata a mashopu oyandikana anabwera kudzaonerera chinthu chachilendochi. Titatembenuza mbali yachiwiri, Fela sanapitirire. Kunamveka phokoso la wailesi, mawu a muulutsi wa MBC akudukira pakati, kenaka banjo ya a Namoko. Achimwene anajambula pamwamba.